Tsiku Lophwasula Uvuni ku Bangula

Uvuni wazizira, Fombe, tenga khasu
tigumule matope tinamata aja.
Masiku asanu ndakhala ndikuuzungulira
ngati mwamuna kunja kwa chikuta,
osadziwa kuti mutuluka chiyani.

Yambira pakhomo pa moto.
Izi zakuda bii, zopindika ngati nyanga ya mbuzi,
zinamwa moto wa mtsanya mpaka kuledzera.
Ogula amazinyoza nkhope,
koma ziike pansi, m'maziko,
kumene mchere wa dothi lathu lino
umanyambita khoma usana ndi usiku.
Mchere ukazilawa umabwerera ndi njala.

Za m'kati izi, zofiira ngati masawu a pamphasa,
gundanitsa ziwiri, tchera khutu: ngwee!
Njerwa yakupsa imayankha ikaitanidwa.
Zimenezi ndi za mayi Nyadanga a milamba yowamba,
analipira kale zikwi zitatu, pang'onopang'ono,
ndalama zonunkha utsi wa nsomba.
Akufuna zipinda ziwiri ndi kakhonde
kumtunda kuno, kumene Shire sadziwako njira.

Za m'mphepete, zotuwazi,
moto unangozipatsa moni n'kudutsa.
Usanamize nazo munthu.
Muuze amangire khola la nkhunda,
kapena mpanda wa bafa, auphimbe pamwamba.
Maduka usataye.
Atatu ndi mafuwa,
ena Zuze adzaswa n'kuyala pansi pa simenti,
otsala ana adzaba okha, akhale magolo a mpira.

Waseka chiyani? Zidina zili apozo?
Usaseke zidina pamaso panga, mwana iwe.
Ine ndinabadwira m'zidina ku Makhanga,
zoumba ndi manja, zouma ndi dzuwa lokha.
Mwezi wa khumi, nkhuku zikamayenda kukamwa yasa,
m'nyumba ija munali ngati m'mtsuko.
Sizinatinamize kuti ndi miyala.
Usiku umene Ruo anabwera osaodira
zinasungunuka ngati shuga m'tiyi,
dothi linangobwerera kwawo,
ife n'kukwera bwato ndi mbuzi imodzi,
ndi chikombole ichi, ndinachikoleka m'khosi.

Mwana wanga Ndaziona ali ku Nchalo.
Amaumba mabuloko a simenti pa makina,
otuwa, a mapanga awiri, ofanana ngati asilikali.
Limodzi limadya malo a njerwa zanga zingapo
ndipo silidziwa fungo la utsi.
Akabwera amati, Bambo, werengani zitsa.
Ndimakhala ngati sindinamve, koma ndinawerenga.
Mtsanya umene kale unali kuseri kwa dibi
lero ngolo imagona panjira kukautenga.
Ndimamuyankha kuti thumba la simenti
silimva chinenero cha mayi wa milamba.
Timakangana mpaka tiyi kuzizira,
iye ali ndi zoona zake, ine ndili ndi msana wanga
umene waponda matope a chulu zaka makumi awiri.
Mwina uvuni uno ndi wotsiriza.
Chaka chatha ndinateronso.

Iyo ili pachitseko changa usaiwerengere kumodzi.
Itembenuze uone:
kaphazi, zala zisanu, chachikulu chinazama.
Anali asanathe kutchula dzina lake
pamene anathamanga pa njerwa zaziwisi
akuthamangitsa bwamnoni.
Ndinakalipa mpaka amake anatuluka ndi mthiko.
Zina zonse ndinaziphwanya n'kupondanso,
iyi ndinaiika pakati penipeni pa uvuni.
Amene anabwera ndi galimoto anaifuna,
ndinati iyi ili ndi ntchito:
imagwira chitseko mphepo ya mwera ikabwera.

Imva mabelu, ngolo ya Alufandika yafika.
Thira madzi ng'ombezo poyamba.
Tiwerenge mokweza, zisanu zisanu,
mayi Nyadanga aima apo ndi kamtengo,
akulemba mizere pansi,
ndipo sakhulupirira masamu a munthu wina.